Kutsatsa katundu wa ku Malawi pa masamba aulere muno mu Harare

Achemwali, mwafunsa ngati munthu wopanda shopu kapena benchi pamsika angayambe kuoda zitenje ndi mpunga ku Malawi n'kumagulitsa muno mu Harare podalira masamba a pa intaneti otsatsirapo malonda mwaulere. N'zotheka ndithu, bola mudziwe polekezera ntchito ya masambawo. Iwo amangokukumanitsani ndi munthu amene samakudziwani. Kukambirana mtengo kumachitikira pa WhatsApp, ndipo ndalama imatuluka wogula akaona katundu ndi maso. Choncho chilichonse chimene mwalemba patsamba chikhale choti mukachikwaniritse mukakumana naye.

Muyambe ndi katundu, kutsatsa kubwere pambuyo. Kuchoka ku Blantyre basi imadutsa zipata zinayi: Mwanza, Zobue, kenako mukawoloka Zambezi pa Tete mufika pa Cuchamano ndi Nyamapanda, musanalowere ku Mutoko mpaka pa depoti ya mabasi ya Roadport mu Harare. Paliponse pamenepa basi itha kugona. Ndiye katundu amene sanawoloke Nyamapanda musamulembe kuti alipo. Ngati mukufuna kusonkhanitsa maoda musananyamuke, nenani poyera kuti katundu akubwera, ndipo mutchule sabata, osati tsiku. Wogula amene wauzidwa Lachiwiri n'kulandira Loweruka sabweranso, ndipo amakakunenani m'gulu lomwelo limene anakupezanimo.

Mtengo umawerengedwa katundu atatuluka paboda. Pa Mwanza ndi pa Nyamapanda pamagwira dongosolo la COMESA la amalonda ang'onoang'ono lotchedwa STR, lochotsa msonkho wa kasitomu pa katundu wosapitirira mtengo woikidwa paulendo umodzi. Koma limakhudza zinthu zolimidwa kapena zopangidwa m'dziko mwathu zimene zili pamndandanda womwe maiko awiriwa anagwirizana. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Zitenje zambiri za m'mashopu a ku Limbe zimachokera kunja, ku China, India kapena Tanzania, ndiye kuzigula ku Malawi sikuzisandutsa za ku Malawi, ndipo a ZIMRA, bungwe lotolera misonkho muno mu Zimbabwe, amazilipiritsa msonkho wake. Ngakhale katundu walowa pa STR, chimachoka ndi msonkho wa kasitomu, misonkho ina monga VAT imatha kutsalabe. Mpunga ndi nsomba zouma zimafunanso ziphaso za ku unduna wa zamalimidwe, ndipo zimenezi muzifufuze musanagule thumba ndi limodzi lomwe. Mapepala onse apaboda muziwasunga, chifukwa amafunsidwanso m'njira.

Mukatero phatikizani ndalama yoodera, tikiti yopita ndi yobwera, mtengo wa katundu m'basi, msonkho, a ngolo onyamula, chakudya ndi bandulo ya intaneti, n'kugawa ndi chiwerengero cha zinthu zimene zafika zabwinobwino. Tiyerekeze kuti zitenje 100 zakudyerani $400 zonse pamodzi, koma zisanu zanyowa kapena zathimbirira. Mugawe ndi 95, osati 100. Phindu liikidwe pamwamba pa zimenezo. Mtengo muzilemba m'madola a ku America. Ndalama ya kuno ya ZiG inayamba mu April 2024, ndipo wofuna kulipira nayo muzigwirizana naye pa mtengo wa tsiku lomwelo. Kwachanso siidalirika: mu November 2023 inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndiye mtengo wa ulendo wathawu musaukopere osawerenganso. Chenje chimavuta mu Harare, choncho $5 kapena ziwiri $9 zimayenda bwino kuposa $4.50.

Malo otsatsira alipo angapo: masamba ngati classifieds.co.zw, Facebook Marketplace, magulu ogula ndi kugulitsa a pa Facebook, ndi magulu a WhatsApp a m'madera monga Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi Tafara, komwe kuli abale athu ambiri ochokera ku Malawi. Kwa katundu wathuyu Facebook ndi WhatsApp ndi zimene zimaphula kanthu msanga. Masamba ngati classifieds.co.zw aja amakokera kwambiri ofuna galimoto, nyumba ndi zipangizo, komabe ikanipo, chifukwa eni mashopu ofuna kupikula zambiri amayang'anako.

Anthu ambiri muno amagula bandulo ya WhatsApp yokha. Mukawatumizira linki ya tsamba lina siitseguka. N'chifukwa chake uthenga uliwonse uzikhala wokwanira pawokha: chithunzi, mtengo, malo ndi nambala. Nambalayo ikhale ya kuno, yoyamba ndi +263. Munthu akaona +265 amaganiza kuti muli ku Lilongwe ndipo mumuuza kuti atumize ndalama kaye. Ikani WhatsApp Business, ndi yaulere, ndipo ili ndi malo oikapo zithunzi za katundu yense ndi mitengo yake, kuti musamatumize zithunzi makumi awiri kwa aliyense wofunsa.

Polemba, gwiritsani Chingelezi chosavuta kapena Chishona, chifukwa ogula si a kwathu okha. Mutu ukhale ndi mawu amene wogula amalemba akamasaka. Kuno chitenje ambiri amati zambia, ndiye mawu onse awiri akhalemo. Mpunga mulembe dzina lake, Kilombero, ndi kulemera kwake, kaya 2kg, 5kg kapena 10kg. Chitenje munene ngati ndi cha mamita awiri kapena chathunthu cha mayadi 6, ndiponso ngati ndi thonje kapena chosakaniza, poti telala amafunsa zimenezi asanafunse mtengo. Chizolowezi chobisa mtengo n'kumati bwerani ku inbox n'chotaya nthawi. Mumakhalira kuyankha anthu makumi atatu ongofunsa, pamene wogula weniweni wadutsa kupita kwa mnzanu amene analemba mtengo. Ikani mitengo iwiri, wa chimodzi ndi wa opikula kuyambira khumi.

Zithunzi jambulani nokha, panja pamthunzi, m'mawa kapena chakumadzulo. Babu la m'nyumba limasintha mtundu wa nsalu, ndipo mkangano wa mtundu ndi umene umabweza katundu wambiri. Chitenje chitambasulidwe chonse pachingwe, chithunzi china chapafupi chionetse maluwa ndi m'mphepete. Mpunga uoneke uli m'dzanja kapena m'mbale. Zithunzi zotapa kwa ena zimadziwika.

Malonda aulere amatsika pansi ena akamaika awo, ndipo masamba ambiri amalipiritsa kuti anu akhale pamwamba. Poyamba musalipire. Ingobwerezani pakapita masiku angapo, makamaka kumapeto kwa mwezi anthu atalandira. Koma kuponya uthenga umodzi m'magulu ambirimbiri nthawi imodzi kumachititsa kuti Facebook ikuimitseni kaye kapena WhatsApp itseke nambala, ndipo oyang'anira magulu amachotsa munthu wotsatsa tsiku losaloledwa. Katundu akatha, fufutani. Aliyense woimba mumufunse komwe wakuonani, mulembe m'kope, pakatha miyezi iwiri mudziwa tsamba loyenera bandulo yanu.

Nambala ikakhala poyera, akamberembere nawo amaiona. Njira yawo yodziwika ndi kutumiza uthenga wabodza wooneka ngati wa EcoCash (njira yotumizira ndalama pa foni) kapena chithunzi cha lisiti, kenako n'kukufulumizitsani kuti dalaivala wawo ali panjira. Musatulutse katundu musanayang'ane nokha m'foni kuti ndalama yalowadi. Ena amati atumiza yopitirira, mubweze yotsala. Ena amapempha nambala yachinsinsi imene WhatsApp yakutumizirani pa SMS. Mukapereka, akaunti yapita, ndipo ayamba kupempha ndalama makasitomala anu m'dzina lanu. Kumanani masana pamalo podzaza anthu, ngati pa Joina City kapena pa Eastgate, osati kunyumba kwanu, ndipo madola muwayang'ane bwino, chifukwa ong'ambika ambiri amawakana.

Wa ku Mutare kapena ku Bulawayo alipire kaye, pamodzi ndi ndalama ya basi. Mukapereka katunduyo pa Mbare Musika, jambulani phukusi ndi nambala ya basi, mutenge nambala ya kondakitala, zonsezo mumutumizire wogula basi isananyamuke.