Funsani Dokotala: Ine ndi mwana wanga tanenepa kwambiri, tiyambire pati?

FUNSO: Adokotala, ndine mayi wa zaka 38, ndimalemera makilogalamu 92 ndipo ndine wotalika mita 1.62. Ndayesapo kudzimana chakudya chamasana komanso kumwa tiyi amene ogulitsa amati amasungunula mafuta, koma ndikatsika makilogalamu anayi kapena asanu, pakapita miyezi ingapo thupi limabwereranso mwakale. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi mwana wanga wamwamuna wa zaka 11, amene akulemera makilogalamu 58 pomwe ndi wotalika mita 1.48. Anzake amamuseka, usiku amaliza mkonono kwambiri, ndipo kumbuyo kwa khosi lake kwada moti ngakhale ndimukhule bwanji sikukuyera. Masiku ena ndimamumana chakudya chamadzulo, kenako ndimagona mtima ukuwawa. Kodi tingathandizidwe bwanji?

Mayi wodera nkhawa

YANKHO: Mayi, ndiyambe ndi khosi la mwanayo, ndipo ndikupempheni kuti musamukhulenso. Kuda kumeneko si litsiro. Madokotala amakutchula kuti acanthosis nigricans, ndipo kawirikawiri kumasonyeza kuti thupi layamba kusamvera insulin, timadzi timene timachotsa shuga m'magazi n'kumulowetsa m'minofu. Sizikutanthauza kuti mwanayo wadwala kale matenda a shuga, koma ndi chifukwa chokwanira chomutengera kuchipatala mwezi uno osadikira kuti akule.

Pofuna kudziwa ngati munthu wanenepa mopitirira muyeso, timagwiritsa ntchito BMI, imene timaipeza pogawa kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake kochulukitsidwa ndi kutalika komweko. Kwa munthu wamkulu, bungwe la WHO limati kuyambira 25 thupi lapitirira, ndipo kuyambira 30 ndi matenda a kunenepa. Yanu ndi 35. Kwa mwana malire amenewa sagwira ntchito chifukwa thupi lake likukulabe, choncho timayang'ana pa tchati cha zaka zake, ndipo kwa mnyamata wa zaka 11 malire a kunenepa ali pafupifupi 22.5. Yake ndi 26.5.

Kuchipatala muyembekezere kuti amuyeza kuthamanga kwa magazi ndi lamba wogwirizana ndi kukula kwa mkono wake, komanso amuyeza shuga, mafuta a m'magazi ndi mmene chiwindi chikugwirira ntchito. Za mkonono musazibise, makamaka ngati mumamumva akubanika kapena kusiya kupuma pang'ono ali m'tulo, chifukwa mwana wotere amadzuka ali wotopa, amaodzera m'kalasi, ndipo nthawi zina amatchedwa waulesi pomwe vuto ndi mpweya. Akayamba kutsimphina kapena kudandaula bondo kapena chiuno, mupite naye mwamsanga, chifukwa kulemera kumatha kusuntha mutu wa fupa la ntchafu mwa ana a msinkhu umenewu. Chimene chikundilimbitsa mtima ndi kutalika kwake. Ana amene kunenepa kwawo kumachokera ku vuto la chithokomiro kapena la mahomoni ena nthawi zambiri amapinimbira, pomwe wanuyu akukula bwino.

Kumumana chakudya chamadzulo musiye lero lomwe. Ndikumvetsa kuti mumachita zimenezi chifukwa chomukonda, koma mwana womanidwa amaphunzira kudya mobisa, amadya mothamanga akapeza mpata, ndipo manyazi amene akukumana nawo kusukulu amawapezanso kunyumba kumene anayenera kupumako. Kwa mwana amene akukulabe, cholinga choyamba nthawi zambiri ndi chakuti sikelo iime kapena izitsika pang'onopang'ono pamene msinkhu ukukwera. Zimenezi zimatheka banja lonse likasintha limodzi, osati iye yekha kupatsidwa mbale yosiyana ndi ya abale ake. Choyamba kuchotsa m'nyumba ndi zakumwa zotsekemera, kuphatikizapo juwisi, chifukwa shuga wakumwa sakhutitsa ndipo mwana amadyabe monga mwa masiku onse. Muchepetse zokazinga, muwonjezere masamba ndi zipatso, ndipo muzidyera pamodzi televizoni ndi mafoni zili zozimitsa. Mwana wa zaka zake amafunika mphindi 60 tsiku lililonse zosewera mpaka kutuluka thukuta, komanso tulo ta maola 9 mpaka 12. Malangizo amene bungwe la madokotala a ana ku America la American Academy of Pediatrics linatulutsa mu 2023 amati chithandizo chimagwira bwino mwana ndi makolo akamakumana ndi azaumoyo kwa maola osachepera 26 m'miyezi 3 mpaka 12, choncho ulendo umodzi wa kuchipatala sungakwanire. Mupemphe tsiku lobwereranso musanatuluke m'chipindamo.

Tsopano za inu. Kubwerera kwa thupi kumene mukudandaula si umboni wakuti ndinu wofooka. Munthu akatsika, thupi limawonjezera njala ndipo limachepetsa mphamvu zimene limagwiritsa ntchito, ngati kuti likudziteteza ku chilala, n'chifukwa chake kunenepa timakusamalira ngati matenda a mgonagona, mofanana ndi kuthamanga kwa magazi. Tiyi wochepetsa thupi uja nthawi zambiri amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa, ndipo chimene chimachoka ndi madzi.

Musadziikire cholinga chobwerera ku thupi la pautsikana. Kuchotsa makilogalamu 5 mpaka 10 pa 100 alionse, kwa inu makilogalamu 5 mpaka 9, n'kokwanira kutsitsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi komanso kupeputsa mawondo. Kafukufuku wa ku America wotchedwa Diabetes Prevention Program, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anapeza kuti anthu amene anali pafupi kudwala shuga, atasintha kadyedwe ndi kumachita zolimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata, anachepetsa chiopsezo cha matendawa ndi 58 peresenti. Theka la kilogalamu pa sabata ndi liwiro labwino. Muziyezanso chiuno ndi tepi, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno, ndipo cholinga chikhale kuyandikira theka la kutalika kwanu, masentimita 81. Popita kuchipatala mutenge mankhwala onse amene mumamwa kapena kubayitsa, chifukwa ena monga prednisolone (wochepetsa kutupa), olanzapine (wa matenda a maganizo), dolutegravir (wa HIV) ndi jakisoni wolera wa Depo-Provera amatha kunenepetsa. Musasiye nokha alionse mwa amenewa musanakambirane ndi dokotala wanu.

FUNSO: Adokotala, ndine bambo wa zaka 46, ndili ndi matenda a shuga ndipo BMI yanga ndi 37. Ndamva za jakisoni wochepetsa thupi komanso za opaleshoni ya chifu. Kodi zimenezi n'zodalirika?

Bambo wofuna kudziwa

YANKHO: Bambo, zonse ziwiri ndi chithandizo chenicheni, ndipo kuzifunsa si kuthawa khama. Jakisoni amene mwamvayo mwina ndi semaglutide, wobayitsa kamodzi pa sabata, amene amachepetsa njala ndi kuchedwetsa chakudya kuchoka m'chifu. Pa kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2021, anthu opanda matenda a shuga anatsika ndi pafupifupi 15 peresenti m'masabata 68, koma odwala shuga ngati inu amatsika mocheperapo, pafupifupi 10 peresenti. Nseru, kusanza ndi kusokonekera kwa m'mimba zimachitika kawirikawiri poyamba, ndipo ngati mumagwiritsa ntchito insulin kapena mapiritsi a shuga a glibenclamide, mlingo wake uyenera kuunikidwanso kuti shuga asatsike mopitirira. Chimene ambiri sauzidwa n'chakuti akasiya kubayitsa, gawo lalikulu la thupi limabwerera m'chaka chimodzi, choncho muganizire ngati mungakwanitse kupitiriza musanayambe. Musagule pa intaneti kapena kwa munthu wamba, chifukwa mu 2024 bungwe la WHO linachenjeza kuti pamsika pali semaglutide wachinyengo.

Opaleshoni imachepetsa chifu kapena kusintha njira ya chakudya m'matumbo, ndipo kwa zaka zambiri yakhala ikuperekedwa kwa anthu a BMI yoyambira 40, kapena yoyambira 35 ngati ali ndi matenda ena monga shuga. Inu muli m'gulu lachiwirili. Ndi njira imene imatsitsa thupi kwambiri ndiponso kwa nthawi yaitali kuposa zina zonse, ndipo ambiri shuga wawo amakhazikika mpaka kuchepetsa kapena kusiya mankhwala. Komabe ndi opaleshoni yaikulu yokhala ndi zoopsa zake, ndipo pambuyo pake mudzafunika kumwa mavitamini ndi ayironi komanso kuyezetsa magazi moyo wanu wonse. Mupemphe dokotala amene amakuonani za shuga kuti akutumizeni kwa katswiri, ndipo popita mutenge zotsatira zanu zaposachedwa za HbA1c (kuyeza magazi kosonyeza mmene shuga wakhalira m'miyezi iwiri kapena itatu yapitayo) ndi za impso.