Pemphero pa mwambo wa boma: tilichotse kapena tilikonze?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito mu unduna wina ku Capital Hill. Anapatsidwa ntchito yokonza pologalamu ya mwambo wa boma, ndipo monga mwa nthawi zonse, pamwamba penipeni analemba pemphero lotsegulira. Mnzawo wa mu ofesi, Msilamu, anawafunsa chifukwa chake nthawi zonse amaitana abusa okhaokha. Mnyamata wina amene wangoyamba kumene ntchito anati boma si tchalitchi, pempherolo lingochotsedwa. Tsono mayiwa akufunsa kuti akulondola ndani, komanso ngati chipembedzo chili ndi malo m'zandale.

Mayi, zikomo pondilembera. Pempherolo musalichotse. Koma mnzanu wachisilamuyo akunena zoona, ndipo mnyamatayo musamuone ngati wamwano, pakuti kumbali ya malamulo mfundo yake ndi yomveka.

Malamulo aakulu a dziko lino, amene tinalemba mu 1994, sanasankhe chipembedzo chilichonse kuti chikhale cha boma. Gawo 33 limapatsa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima, wa chipembedzo ndi wa maganizo, ndipo gawo 20 limaletsa kusala munthu chifukwa cha chipembedzo chake. Anzathu a ku Zambia anatenga njira ina: a Frederick Chiluba analengeza mu 1991 kuti dziko lawo ndi lachikhristu, ndipo mu 1996 mawuwo analowa m'malamulo awo aakulu. Ife sitinatero. Amene amati Malawi ndi dziko lachikhristu akunena za kuchuluka kwa Akhristu, osati za lamulo.

Komabe pemphero lili m'magazi mwathu. Nyimbo yathu ya fuko, imene anapeka a Michael Sauka, ndi pemphero kuyambira mzere woyamba. Nyumba ya Malamulo imayamba zokambirana ndi pemphero. Pitani ku Mgona kapena kwa Chinsapo mukaone amayi a banki m'khonde, sayamba kuwerenga ndalama wina asanapemphere. Komiti ya mjigo nayonso ndi chimodzimodzi. Mutaitana anthu otere ku mwambo wa boma n'kungoyamba ndi zoyankhula za a DC, ambiri angamve ngati mwawachotsera ulemu, ndipo sindikuona chimene tingapindule nazo.

Chimene chimandivuta ine ndi mmene timapempherera. Mwambo wina umene ndinapitako kunja kwa mzinda uno, ana asukulu anali ataimitsidwa padzuwa kuyambira m'mawa, akuluakulu ali mu tenti ndi mabotolo amadzi. Mlendo wolemekezeka atafika, mochedwa ndithu, woyendetsa mwambo anaitana abusa. Abusawo anayamba bwino, koma posakhalitsa pemphero linasanduka ndakatulo. Anatchula maudindo onse a mlendoyo, anathokoza Mulungu chifukwa cha misewu ndi nzeru za utsogoleri, anapempha kuti adani a chitukuko achite manyazi. Amayi ovala nsalu ya chipani analulutira pemphero lisanathe. Shehe anali pa pologalamu, inde, koma kumapeto. Pamene ankaimirira, madalaivala anali ataliza kale magalimoto, anyamata akusanjikiza mipando, ndipo wa zokuzira mawu anali akukulunga mawaya. Mkuluyo anapemphera mawu ake akumira m'phokoso, anthu ochepa okha atatambasula manja.

Pamenepo panalakwika zinthu ziwiri, ndipo yoyambayo ndi imene mnzanu akudandaula. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pa anthu 100 aliwonse, pafupifupi 77 ndi Akhristu ndipo pafupifupi 14 ndi Asilamu. Ku Mangochi ndi ku Machinga Asilamu ndiwo ambiri. Palinso a chipembedzo cha makolo, a Chirasta, Ahindu, ndi ena osapembedza konse. Onsewa amadula msonkho, ndipo tenti ija, madzi aja ndi mafuta a magalimoto aja zimalipiridwa ndi msonkho umenewo. Mwambo wa boma ndi wa onse. Munthu akamaona chaka ndi chaka kuti mtsogoleri wa chipembedzo chake amaitanidwa mongokwaniritsa mwambo, amayamba kudziona ngati mlendo m'dziko lake lomwe. Nkhani ya atsikana achisilamu amene analetsedwa kuvala hijabu kusukulu ku Balaka mu 2019, kapena ya ana a Chirasta amene mpaka mu 2023 anafunikira khothi lalikulu ku Zomba kuti aloledwe m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo, zimayambira pa maganizo omwewa akuti pali eni dziko ndi ongololedwa.

Cholakwika chachiwiri ndi chimene chimandiwawa kwambiri, chifukwa inenso ndine wopemphera. Pemphero likasanduka chitamando cha wolamula, mtumiki wa Mulungu wataya chinthu chokhacho chimene dziko limamufunira pa nkhani za ndale, chomwe ndi kulimba mtima kouza mfumu kuti apa mwalakwa.

Mbiri yathu ikuonetsa zimenezi poyera. A Kamuzu Banda ankadziwika kuti ndi mkulu wa mpingo wa Church of Scotland, ndipo m'nthawi yawo mapemphero sankasowa pa zochitika za boma. Koma m'nthawi yomweyo, mu 1967, Mboni za Yehova zinaletsedwa, mlandu wake waukulu uli kukana kugula khadi la chipani. Anthu anamenyedwa, nyumba zinatenthedwa, masauzande anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Zaka zonsezo mapemphero a pa misonkhano ankapitirira, ndipo sanapulumutse Mboni ndi imodzi yomwe.

Chimene chinagwedeza dziko chinali china. Pa 8 Malichi 1992, kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi awo m'dziko lonse. Inakamba za malipiro ochepa a anthu ogwira ntchito, za zipatala ndi sukulu, za anthu kuopa kuyankhula. Boma linati kalatayo ndi youkira, maepiskopi anafunsidwa mafunso ndi apolisi, ndipo Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Chaka chomwecho kunabadwa bungwe la Public Affairs Committee, mmene munakhala pamodzi Akhristu a mipingo yosiyanasiyana ndi Asilamu. Pa 14 Juni 1993 tinavota pa riferendamu n'kusankha ulamuliro wa zipani zambiri, ndipo pa 17 Meyi 1994 tinasankha boma latsopano. Mu 2002, pamene anthu ena ankafuna kusintha malamulo kuti pulezidenti apitirire kupyola materemu awiri, mipingo inalinso patsogolo kukana. Ngakhale tikabwerera m'mbuyo kwambiri, amene timawakumbukira pa 15 Januwale chaka chilichonse, a John Chilembwe, anali m'busa.

Ndiye mukandifunsa ngati chipembedzo chili ndi malo m'zandale, ndikuti inde, ndipo ufulu umene ndikulembera nkhani inoyi unabwera mbali ina kudzera pa guwa. Koma taonani kuti nthawi zonse zimene chipembedzo chinatithandiza, chinali chitaima pakati pa anthu n'kumayankhula kwa olamula mosaopa. Wakutsina khutu ndi mnansi. M'busa amene walandira envelopu ya malata a tchalitchi kuchokera kwa wofuna upungu, n'kumupatsa maikolofoni Lamulungu m'mawa, sangathenso kumutsina khutu, ndipo akhristu ake a chipani china amabwerera kunyumba mitima ili yowawa.

Sindikhulupiriranso kuti chipembedzo cha mtsogoleri ndicho chimakonza dziko. Amalawi, ambiri mwa iwo Akhristu, anasankha a Bakili Muluzi, Msilamu, mu 1994, ndipo chimenecho ndi chinthu chonyaditsa. Koma tisaiwale kuti zotsatira za chisankho cha 1999 zitatuluka, mizikiti ina inatenthedwa kumpoto, mkwiyo wandale utatembenukira pa anthu osalakwa. Mu 2020 tinasankha a Lazarus Chakwera, amene anatsogolera mpingo wa Assemblies of God kuyambira 1989 mpaka 2013. Nawonso anthu anawayeza ndi muyeso wa wina aliyense: mtengo wa feteleza, mizere ya mafuta, mankhwala ku chipatala. Ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Kupempherera mvula ndi kwabwino, inenso ndimatero, koma sikuchotsa udindo wa amene anapatsidwa ndalama za ulimi wamthirira.

Tsopano pa pologalamu yanuyo, mayi. Ngati mwambowo uli ndi mapemphero awiri, aikeni onse poyambirira, kapena ulendo uno atsegulire shehe, abusa atsekere, ulendo wina musinthe. Musamaitane mpingo umodzimodzi chifukwa choti ndi kumene amapemphera abwana. Auzeni opempherawo pasadakhale, mwaulemu, kuti nthawi ndi mphindi ziwiri kapena zitatu, ndi kuti apempherere ntchito imene mwasonkhanira ndi anthu amene ikawathandize, osatchula chipani. Ambiri sadzakana, ena amatalikitsa ndi kutamanda chifukwa amaganiza kuti ndicho mwawaitanira. Ngati mwambo ukuchitika Lachisanu, yang'anani nthawi ya swala ya Ijumaa, ndipo ngati ndi Loweruka kumbukirani a Seventh Day.

Za mnyamata uja, muuzeni kuti palibe amene angamukakamize kutsinzina kapena kunena amen. Akaima chete mwaulemu, zakwanira, ndipo wina asadzamufunse mawa lake mu ofesi kuti amapemphera kuti. Mnzanu wachisilamuyo mupempheni kuti akuthandizeni kupeza shehe, ndipo kalata yoitana shehe ilembedwe ndi kutumizidwa tsiku limodzi ndi ya abusa.