Geni ya kunja mukukhala pakati pa Zomba ndi Limbe: nyumba muipeze pati?

Achemwali, funso lanu ndalimva chonchi: bambo a kunyumba awasamutsira ku Zomba pa ntchito, inu mukufuna kuyamba kuoda katundu kunja, ku Joni kapena ku Dar es Salaam, n'kumagulitsa ku Limbe ndi ku Zomba komwe. Ndiye mwaganiza zokachita lendi ku Namadzi poti ndi pakatikati, aliyense aziyenda theka la msewu. Mwafunsanso kuti geniyi imayenda bwanji. Ndiyamba ndi geniyo, chifukwa mukaona mmene katundu amayendera, za nyumbazo ziyankhika zokha.

Mabasi a ku Joni amanyamukira ku Blantyre ndipo pobwera amakutulani komweko. Mukachoka mu Blantyre mumatsika mpaka pa Zalewa, n'kukhotera ku Mwanza. Kuwoloka pamenepo ndi pa Zobue, kenako Tete, kutulukira pa Cuchamano kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, Harare, Masvingo, Beitbridge, Musina, mpaka Johannesburg. Maboda ndi atatu, ndipo pa boda iliyonse mumadinditsa kawiri, potuluka ndi polowa. Panjira werengerani masiku awiri kupita, awiri kubwera. Mukaphatikiza masiku oodera, sabata yathunthu yapita muli kunja. Mmalawi ku South Africa amaloledwa masiku osapitirira 30, koma yang'anani tsiku limene alemba pa chidindo, chifukwa nthawi zina amalemba ochepera. Mukapyola ngakhale pang'ono amakuletsani kulowanso kwa nthawi, geni n'kuimira pomwepo.

Wa ku Dar njira yake ndi ina: Lilongwe, Mzuzu, Karonga, boda ya Songwe, Kasumulu, Mbeya, mpaka ku msika wa Kariakoo mu Dar es Salaam komwe kuli zitenje, nsapato ndi zikwama. Kwa ameneyu Zomba sikumbuyo kwenikweni, poti mumadzera Liwonde ndi Balaka n'kukalowa M1 pa Chingeni osafika ku Blantyre n'komwe. Gwiritsani mfundo imeneyi, tidzaifunanso.

Pa msonkho m'pamene mpamba wa ambiri umathera, choncho ndichedwapo. A MRA sawerengera pa mtengo wa pa lisiti wokha. Amaphatikiza ndi ndalama yonyamulira katundu kufika pa boda. Pamtengo umenewo amaika duty, msonkho wolowetsera katundu m'dziko, yomwe pa katundu wopangidwa kale ngati zovala imafika 25 peresenti. Katundu wina ali ndi msonkho wina wapadera wotchedwa excise pamwamba. VAT imabwera pomaliza, ndipo imawerengedwa pa zonsezo pamodzi, osati pa mtengo woyamba uja. Kwa zaka zambiri VAT inali 16.5 peresenti, koma mitengo ya misonkho imasintha ndi bajeti, ndiye muzifunsa musananyamuke. Titengere pa 16.5 pomwepo: katundu wa K100,000 akalipira duty ya 25 peresenti wafika K125,000, VAT yake ndi K20,625, onse pamodzi K145,625, excise tisanaike. Amene amangoonjezera theka pa mtengo woodera n'kumati apeza phindu, amakhala akugwirira ntchito eni mabasi ndi boma.

Mudzamva anthu akunena kuti katundu wa ku South Africa salipira duty chifukwa cha SADC. N'zoona pa katundu wopangidwa komweko, wokhala ndi satifiketi yosonyeza komwe wapangidwira. Koma zambiri zimene timaoda ku Dragon City ndi m'mashopu a ku Fordsburg n'zochokera ku China, zangodutsira ku Joni, ndipo zimalipira mokwanira. Chimodzimodzi ndondomeko ya COMESA yopeputsira amalonda ang'onoang'ono, ija amati STR: imagwira pa katundu wa ku Zambia ndi Zimbabwe amene ali pa mndandanda womwe maiko anagwirizana, ndipo ili ndi malire a mtengo. South Africa, Mozambique ndi Tanzania sali mu COMESA, ndiye musapite ku Kariakoo mukudalira imeneyo.

Malisiti musunge onse, a shopu ndi a msonkho. Lisiti likasowa kapena likaoneka lochepetsedwa, ofisala amaika mtengo wake, ndipo sukhala wokukomerani. Mapepala a pa boda akhale m'chikwama cha m'manja mpaka katundu atalowa m'nyumba, chifukwa a MRA ali ndi gulu loyendayenda m'misewu, ndipo katundu wopanda mapepala amalandidwa ngakhale mwadutsa kale pa Mwanza. Ambiri masiku ano amapereka katundu wolemera kwa ma thiransipota amene amalipiritsa zonse pamodzi, kunyamula ndi msonkho. N'zopepuka, koma funsani kuti katundu wanu alembedwa m'dzina la ndani. Lole ikagwidwa chifukwa cha katundu wa munthu wina, wanunso amagona komweko, ndipo mulibe pepala loti mukadandaulire. Pezaninso TPIN, nambala ya wolipira msonkho ya ku MRA, msanga, siivuta. Za zakudya ndi mbewu samalani nazo: mu 2025 boma linaletsa kulowetsa zina mwa zimenezi, Tanzania nayo inabwezera, anthu katundu n'kuwaonongekera pa Songwe.

Kenako ndalama zakunja. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene anali atakongoza katundu pa mtengo wakale anatolera ndalama zonse bwinobwino, koma atapita kukasintha anapeza kuti sizikugulanso katundu yemwe uja. Mtengo wogulitsira muziuika poyang'ana kuti randi mudzaigula bwanji ulendo wotsatira, osati mmene munaigulira ulendo wathawu.

Tsopano misika iwiri mukuifunayo. Si yofanana ayi.

Ku Limbe ndi kopikulitsa. Katundu amatuluka wambiri pakamodzi, ndalama ndi ya pompopompo, koma phindu pa chinthu chimodzi ndi lochepa chifukwa mukupikisana ndi mashopu akuluakulu oitanitsa makontena. Ku Zomba ndi kwa anthu a malipiro. Likulu la dziko linachokako mu 1975, Nyumba ya Malamulo inatsatira pambuyo pake, koma kunatsala University of Malawi, Cobbe Barracks, apolisi, andende, Zomba Central Hospital, MANEB, National Statistical Office ndi ena otero. Anthu amenewa amagula chinthu chimodzichimodzi pa mtengo wabwino, koma pa ngongole, kulipira pakutha pa mwezi, nthawi zambiri kawiri kapena katatu. Ophunzira a ku Chikanda amagula sukulu ikatsegulira, ikatsekera msika wawo watha. Ndiye ndalama ya ku Zomba imafuna munthu wopezeka. Malipiro akalowa muli ndi masiku atatu kapena anayi oti muzungulire m'maofesi. Mukachedwa mupeza a katapila ndi a banki mkhonde atenga kale, inu n'kuuzidwa kuti mwezi wa mawa.

Apa ndiye tiwerengere maulendo. Bambo akagwira ntchito masiku 22 pa mwezi, ndi maulendo 44 a minibasi, kupita ndi kubwera. Inu sabata imodzi muli kunja, masiku otolera ngongole muli ku Zomba, ku Limbe mwina muzipita kawiri pa sabata kukasiya katundu ndi kusintha ndalama. Woyenda tsiku ndi tsiku ndi bambo, ndipo ndalama zanu zambiri zili mbali yomweyo ya Zomba. Mukakhala ku Namadzi nonse awiri mwasanduka apaulendo, palibe amene wafupikira kwake. Paja amati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Msewu wa M3 kuchoka ku Blantyre kufika ku Zomba ndi makilomita pafupifupi 65, ndipo ndi wabwino. Pa galimoto yanu ndi ola limodzi kuchokera ku Limbe. Pa minibasi onjezerani, chifukwa imaima paliponse pamene munthu waimika dzanja. Kuchokera ku Limbe mumadutsa Kachere, Mapanga, Njuli, Mbulumbuzi, Namadzi, Thondwe, kenako Three Miles n'kulowa m'tauni. Chimene mapu sakuuzani ndi ichi: m'mawa maminibasi ndi ma Sienta amanyamuka pa depoti atadzaza. Wa pakati panjira amadikira kuti wina atsike. Mukaima pa Namadzi hafu sikisi mukufuna kukafika ku ofesi hafu seveni, atatu akhoza kukudutsani kondakitala akungokupizani dzanja. Mtengonso wa theka la njira sukhala theka la mtengo, umakwererako. Madzulo pobwerera ndiye pali zija zogulitsidwa: minibasi ikaona kuti anthu achepa imakutsitsani panjira n'kukupatsirani ina, katundu n'kumutsitsa ndi kumukwezanso. Mafuta akasowa, monga zakhala zikuchitikira zaka zino, mitengo imakwera tsiku lomwelo ndipo oyamba kusiyidwa ndi a pakati panjira omwewo.

Ganiziraninso za tsiku lobwera ku Joni. Basi ilibe ola lofikira. Zimatengera mzere wa pa Beitbridge ndi kusecha kwa pa Mwanza. Ikakutulani mu Blantyre usiku muli ndi zikwama zisanu zikuluzikulu, muyenera kupeza galimoto yokafika ku Limbe, kenako ina ya msewu wa Zomba, pamene maminibasi atha kale. Kutsika pa Namadzi kapena pa Mbulumbuzi nthawi imeneyo, nyumba ili mkati mofuna kabaza, ndi kuitana akuba. Kabaza mmodzi satenga zikwama zisanu, ndiye zina zitsala pamsewu pamene zina zapita. Njira yake si kusamukira kufupi ndi Blantyre. Pezani posungira katundu ku Limbe, kachipinda ka lendi kapena kugawana shopu ndi mnzanu wodalirika, katundu wopikulitsa azitsikira pomwepo osakwera n'komwe msewu wa Zomba. Wopita ku Zomba yekha ndiye muzimutenga masana, pang'onopang'ono. Katundu aliyense amene wapita ku Namadzi n'kubwereranso ku Limbe walipira thiransipoti kawiri popanda chifukwa.

Malo ndiwaone motere. Njuli ndi pabwino kwa munthu amene tsiku lililonse ali ku Limbe. Kwa bambo opita ku Zomba ndi kutali kwambiri, musapaganizire. Mbulumbuzi chimodzimodzi. Namadzi pali msika, apolisi alipo, nyumba n'zotsikirapo mtengo, koma ndanena kale vuto lake. Pamayenera banja lokhala ndi galimoto yawoyawo, kapena limene onse awiri sali pa ntchito yosainira nthawi. Thondwe ndiye pamene ndingakulozereni ngati mwatsimikiza kuti simukufuna m'tauni: ndi kufupi ndi Zomba moti bambo akhoza kuyenda tsiku ndi tsiku osatopa, muli kale pa msewu wa ku Limbe, ndipo msika wa pamenepo ndi waukulu, tsiku la msika mukhoza kuyala zotsalira n'kupeza ya ndiwo. Koma mukandifunsa ine, yambani mwayang'ana Three Miles kapena m'tauni momwemo, ku Matawale, Chinamwali, Sadzi kapena Mpondabwino. Lendi ikwererako, inde. Tengani kusiyana kwa lendiyo mukuyerekeze ndi maulendo 44 aja, muona nokha. Ndipo ngati mudzasankha Dar m'malo mwa Joni, mbali ya Chinamwali ndiyo yoyang'ana ku Liwonde. Apo za Namadzi zatheratu. Domasi ndi Songani n'zabwino kwa wa ku Dar, koma kwa wopita ku Limbe ndiye kuti ayambe wadutsa tauni yonse ya Zomba.

Nyumbayo mukaipeza, musapite kukaiona Lamlungu masana. Pitani tsiku la ntchito m'mawa, muime pa siteji, muwerenge mphindi mpaka mutakwera. Yendani wapansi kuchoka pa tala kufika pakhomo. Ikapitirira mphindi khumi, kumbukirani kuti nyengo ya mvula mudzayenda ndi katundu m'matope amenewo. Funsani aneba za madzi, ngati ndi a mpopi kapena a pa mjigo, ndi kuti amasiya masiku angati. Yesani netiweki ya Airtel ndi TNM muli m'chipinda, osati panja, chifukwa makasitomala amaona katundu pa WhatsApp ndipo amalipira pa foni. Onani ngati pali ejenti wokhala ndi ndalama zokwanira. Wa pa siteji yaing'ono amakuuzani kuti alibe mukafuna kutapa zambiri. Chipinda chosungira katundu chikhale chouma, chokhala ndi zitsulo pa windo. Zomba ndi ya chinyezi, nsapato ndi zikwama zachikopa zimachita nkhungu msanga, ndiye katundu asakhudze simenti kapena khoma, muikireni matabwa pansi. Mpanda ndi wofunika kuposa kukongola kwa nyumba, poti aliyense pamalopo adzadziwa sabata imene mayi apita ku Joni ndi tsiku limene abwera.

Za kugula puloti dikirani kaye. Chitani lendi mpaka mvula itadutsa, muone mmene madzi amayendera. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anakokolola nyumba za m'munsi mwa mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe, ndipo malo otsika mtengo nthawi zambiri amakhala oterowo. Ambiri mwa malo a m'mbali mwa msewuwu kunja kwa mzinda ndi a makolo, a m'manja mwa mafumu, ndipo kuno mbumba ili ndi mawu: mwamuna akhoza kukugulitsani munda umene eni ake ndi alongo ake. Pokambirana pakhale amfumu, eni mbumba ndi mboni, kenako mukalembetse ku ofesi ya malo ku khonsolo. Ndalama ya puloti isachoke mu mpamba wa geni mpaka mutayenda maulendo angapo n'kudziwa kuti katundu wanu amatha masiku angati ku Limbe ndi angati ku Zomba.