Sapitwa pa wikendi imodzi? Yankho kwa achemwali a ku Area 25

Achemwali ena a ku Area 25 anditumizira imelo, akuti iwo ndi anzawo akufuna akakwere Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje, pa wikendi, ndiye akufunsa ngati zingatheke komanso ngati nkofunikadi kulipira munthu wowalondolera njira.

Achemwali, wikendi yokha ayi, musadzizunze. Kuchoka kuno ku Lilongwe tsiku limathera panjira, basi mpaka Blantyre, minibasi ku Limbe kudutsa m'minda ya tiyi ya ku Thyolo mpaka pa Chitakale, kenako kabaza kukafika ku Likhubula komwe kuli ofesi ya zankhalango. Sapitwayo ndi mamita 3,002, nsonga yaitali kuposa zonse m'Malawi muno, ndipo chakumapeto kwake simuyenda choimirira ayi, mumachita kukwawa pamatanthwe. Ambiri amayamba agona kaye pa kanyumba ka Chisepo nkulawirira m'mamawa.

Koma ine ndikanakonda ulendo woyambawu musathamangire nsonga, chifukwa kukoma kwa Mulanje kuli m'zigwa zapamwambazo. Mukangomaliza chitunda chija mawondo akunjenjemera, mumangoona dziko lina latambasuka, udzu wokhawokha, timitsinje tamadzi ozizira mpaka mano kuwawa, uku thanthwe la Chambe laima njo, mitambo ili pansi panu eti! Gonani m'tinyumba ta ku Chambe kapena ku Lichenya, alonda a tinyumbato amakukolezerani moto ndi kukutungirani madzi koma ufa, ndiwo ndi zofunda mutenge zanu, mu Juni ndi Julaye usiku kumazizira koopsa. Potsika mukaone Dziwe la Nkhalamba, koma posamba musamale ndi lakuya.

Za wolondolera njira musanyinyirike nkomwe, lipirani basi. Chiperoni chikabwera chifunga chimatseka ponseponse moti mnzanu ali pompa simumuona, ndipo anthu anasowapo m'phirimu mpaka kutaya moyo. Anyamata a pa Likhubula anakulira momwemo, njira amazidziwa, enanso amanyamula katundu, ndalama yanuyo ndi imene imadyetsa mabanja awo. Nthawi yadzinja musapiteko, mukukumbukira mmene namondwe Freddy anagumulira mapiri a chigawo chakummwera mu 2023.

China chimene chimandiwawa mtima ndi mkungudza, mtengo wa fuko lathu umene kwawo ndi m'phiri lomweli, anthu audula mpaka watsala pang'ono kutheratu. Akakutsatsani timabokosi tonunkhira ta mkungudza tija chonde musagule.

Pemphani tchuthi cha masiku anayi kapena asanu, pakati pa Meyi ndi Seputembala, ndipo nsapato zikhale zoti munaziyendera kale.