Madam, musasayine kaye pepalalo

Madam, musasayine. Chonde musasayine. Funso lanu ndaliona ndili m'minibasi pa Linthipe, ndipo mpaka ndafika kunyumba mtima uli m'mwamba, chifukwa zimene akukuuzanizo, zakuti ma DVD achoke pashelefu poti koleji izilipira zoonera mafilimu pa intaneti, ndi zomwezo zimene ine ndinauzidwa mu 2021. Ndinagwira ntchito zaka 9 m'laibulale ya koleji ina konkuno ku Dedza. Dzina sinditchula, ena m'gulu lino mukuidziwa kale.

Tinali ndi zimbale zoposa 400. Za sayansi, za zaumoyo, masewero a m'mabuku a literature, za kaphunzitsidwe ka kalasi ya ana ambiri. Koma panali shelefu imodzi yapansi imene ndinkaisamala ngati mwana, ya bambo ena amene ankaphunzitsa zachikhalidwe, anatisiya mu 2019. Bambo amenewo ankayenda ndi kamera yawoyawo, pa ndalama zawo, kujambula ngoma ya Angoni ku Ntcheu, gule wamkulu m'midzi ya kwa Kasumbu, agogo akusimba nthano madzulo, amayi akusinja akuimba. Zimbale 31, zolembedwa ndi dzanja lawo pamwamba.

Ndiye kunabwera a Principal atsopano. Anapita ku workshop ku Lilongwe masiku atatu, pobwera akuti zimbale ndi zachikale, bungwe lina latilipirira chaka chathunthu, mafilimu masauzande, aliyense aziona pa foni yake. Chipinda cha zimbale chikhale ofesi. Anandibweretsera fomu yoti zimbalezo zichotsedwe m'kaundula wa laibulale, ine ndikusayina ndi dzanja langali. Mumtima ndinkakana, pakamwa ndinati chabwino bwana. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje, ndi ine ameneyo. Tinalongedza m'makatoni mu October, anyamata n'kukazisiya ku chipinda chosungira katundu kuseri kwa kitchini. Madeki awiri amene tinali nawo anaperekedwa kwina, sindinafunsidwe n'komwe.

Miyezi yoyamba zinkayenda, bodza ayi.

Tsiku lake linali Lachinayi mu June 2022. Mukudziwa kuzizira kwa kuno mwezi umenewo, nkhungu itaphimba phiri lonse, mawawa akugwa, zala zosagwira cholembera. Kunkabwera alendo atatu a bungwe lija kudzaona mmene tikugwiritsira ntchito mphatso yawo. Ophunzira pafupifupi 150 amene ankakonzekera kupita ku teaching practice anali atadzaza m'holo 8 koloko isanakwane, atafunda zitenje, ena zipewa mpaka m'makutu. Filimu yake inali ya kaphunzitsidwe ka kuwerenga, ya ola limodzi. Magetsi anali atazima chakum'bandakucha. Inali nthawi ija namondwe Ana atawononga Kapichira mu January, dziko litataya ma megawatt pafupifupi 130, magetsi akumazima tsiku lonse. Dzulo lakenso kunalibe, ndipo ndinapita kukapempha dizilo pang'ono kuti ndiyese zipangizo, anandiyankha kuti dizilo ndi wa mawa, osawononga. Ndiye sindinayese. Sungani mawu amenewa.

Jenereta analiza. Pulojekita inayaka. Wi-Fi ija ikangoyaka mafoni onse 150 analumikizika okha, pa sikirini kanthu kaja kakungozungulira, kuzungulira, kuzungulira. Ndinaimirira kutsogolo ndikuwapempha ana a eni kuti azimitse mafoni. Palibe chinasintha. Ndinatulutsa foni yanga, kugula bandulo ndi ndalama ya ndiwo, podziwa kuti ola limodzi la filimu limadya pafupifupi 1GB ngakhale chithunzi chisakhale chowala kwambiri. Ndinalumikiza laputopu. Tsamba linatseguka, ndinapuma. Ndinalemba dzina ndi password, manja akunjenjemera ndi chisanu. Pakhoma ponse, zilembo zazikulu zoti aliyense mpaka wakumbuyo awerenge, panatuluka uthenga wakuti nthawi ya koleji yathu inatha pa 31 May.

Holo yonse inangoti zii. Kenako wina kumbuyo anaseka.

A Principal anatembenuka, pamaso pa alendo, pamaso pa ophunzira amene ndinkawathandiza tsiku ndi tsiku, n'kunena mokweza kuti, "Madam, simunayese dzulo? Nanga ntchito yanu pano ndi chiyani?" Munthu yemweyo amene anandikaniza dizilo. Ndinamva kutentha kumaso ngakhale kunkazizira choncho. Sindinayankhe. Ndinangoti filimu yomweyi tili nayo pa chimbale, ndipatseni mphindi khumi, n'kutuluka chothamanga.

Kiyi wa chipinda chija anali ndi bambo a ku stores, ndipo anali atapita kumaliro ku Bembeke. A mlonda anachita kuthyola loko ndi chitsulo. Chitseko chitatseguka fungo lake linandibweza. Denga linkadontha dzinja lonse, makatoni anawasiya pansi penipeni pa simenti, pafupi ndi matumba a laimu. Chiswe chinali chitadya makatoni apansi ndi mapepala onse a m'zikuto, moti sukanadziwa kuti chimbale ichi ndi cha chiyani. Zina zitamatana, zina zitachita nkhungu yoyera, zitosi za makoswe paliponse. Ndinagwada pamenepo ndi suti yanga ya alendo, ndikutsegula chimodzichimodzi, ndikupukuta ndi mpango wa kumutu, misozi ikugwera pa zimbale zomwezo. A mlonda akundiunikira ndi tochi ya foni, akungoti pepani mayi, pepani mayi. Ndinachipeza patatha mphindi ngati 25.

Kubwerera ku holo, laputopu yatsopano ija ilibe polowetsa chimbale. Ambiri a masiku ano ndi choncho. Deki palibe. Mnyamata wina wa chaka chachiwiri, Mulungu amudalitse kumene ali, anakwera kabaza kupita kumsika kukabwereka deki kwa mnzake wa video show. Anabwera nayo atanyowa. Tinalumikiza, filimu inayamba, ana anawomba m'manja. Inayenda mphindi 6 n'kuima, nkhope ya mphunzitsi wa mufilimumo itauma pakhoma. Ndinaitulutsa, kupukuta, kubwezera. Pomwepo. Kachitatu jenereta inazima, dizilo watha. Alendo anatseka mabuku awo n'kupita kukamwa tiyi.

Lolemba lake ndinalandira kalata yondichenjeza kuti ndinachititsa manyazi koleji.

Pambuyo pake ndi pamene ndinamva kuti kampani yoonetsa mafilimu pa intaneti ija inatumiza invoice mu April, n'kukumbutsanso kawiri. Mauthenga onse ankapita ku email ya a Principal chifukwa polembetsa anaika yawo. Bungwe linalipira chaka chimodzi chokha, chachiwiri chinali chathu, ndipo zinalembedwa m'pangano limene ine sindinalionepo. Mtengo wake unali m'madola. Kumapeto kwa May chaka chimenecho kwacha inagwa ndi 25 peresenti, madola ku banki osapezeka, pepala linangokhala pa tebulo la akauntanti. Onsewa ankadziwa. Ankadziwa m'mawa umene uja akundiyang'ana ndikuvutika ndi password. Palibe ndi mmodzi yemwe anatsegula pakamwa. Anasankha kuti mayi wa ku laibulale ndiye asenze, poti ndi wamng'ono, sangayankhe. Mpaka lero ndikakumana nawo pa boma amandipatsa moni akumwetulira ngati palibe chinachitika, ndipo kalata ija ikadali m'fayilo yanga, palibe anaichotsa kapena kunena kuti pepani.

Koma kalatayo si imene imandipweteka kwambiri. Loweruka lotsatira ndinabwerera ndekha kukafuna zimbale za malemu aja. Zinali m'katoni yapansi kwambiri. Chimbale chowotcha pa kompyuta sichilimba ngati cha ku fakitale, chinyezi ndi kutentha zimachiwononga msanga. Mwa 31, zimene zinawerengeka ndi 9. Zina zonse kompyuta imangolira kenako n'kuchilavula. Agogo amene ankasimba nthano mmenemo ambiri anapita. Nyimbo zina za pamtondo ngakhale ine wobadwira kuno sindinazimvepo kwina, poti masiku ano aliyense amapita kuchigayo. Timanyadira kuti UNESCO inazindikira gule wamkulu mu 2005 ndi zojambula za pamiyala ku Chongoni mu 2006, koma kafufuzeni m'mafilimu masauzande a kampani yakunjayo ngati mungapeze dambwe la kwanu kapena liwu la gogo wa m'mudzi mwanu. Mulibe. Zathu zili pa zimbale zotere ndi m'malo ochepa ngati Kungoni ku Mua, basi. Chaka chatha mwana wamwamuna wa malemuwo anabwera kunyumba kwanga, wakula tsopano, akuti anamva kuti pali chimbale chimene bambo ake akuoneka akulankhula ndi mafumu, akufuna aonetse ana ake agogo awo. Chinali m'gulu la zowonongekazo. Ndinalephera kumuyang'ana.

Madam, chimene mabwana safuna kumva ndi ichi: za pa intanetizo simugula, mumachita lendi. Chimbale mukagula ndi chanu, chikhala pashelefu ngakhale koleji ikhale yopanda tambala zaka zitatu. Lendi ukalephera mwezi umodzi akutsekera chitseko, ndipo ndalama zonse unalipira kale sizikusiyira ngakhale filimu imodzi. Ngakhale ukulipira bwinobwino, filimu imene mphunzitsi waikonzera phunziro ikhoza kuchotsedwa pakati pa teremu chifukwa pangano la kampani ndi mwini filimu latha, kapena akuuzani kuti m'dziko lanu siyioneka. Si ife osauka tokha. Malaibulale akuluakulu a mumzinda wa New York anasiya Kanopy, kampani ina yoonetsa mafilimu pa intaneti, mu 2019 chifukwa cha mtengo. Ngati a ku New York anaona kuti yawalemera, nanga ife amene kwacha inagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023? Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Komabe musamve ngati ndikuti mukane. Ayi, ngati pali wolipira, landirani. Ndinene zoona, miyezi imene zinkayenda ija ophunzira anaona mafilimu ambiri kuposa zaka zonse zimene zimbale zinali pashelefu, chifukwa kale madeki anali awiri okha pa anthu mazana, ena ankamaliza koleji osabwerekapo n'kamodzi komwe. Ndipo chimbale nachonso chimafa, ndadzionera ndekha. Chimakalika, chimabedwa, wobwereka sabweza. Moto wa ku laibulale ya Mzuzu University mu December 2015 unapsereza zonse za pashelefu usiku umodzi. Matepi a VHS aja tinkawadalira ali kuti? Kampani yomaliza yopanga makina ake inasiya mu 2016, ndipo madeki a DVD akulowera komweko. Mwinanso zina mwa zimbale zanuzo n'zoyeneradi kuchoka, monga zimene palibe anazigwirapo zaka khumi, kapena zamphatso zochokera ku America zimene deki ya kuno imazikana chifukwa cha region, kutanthauza kuti zinapangidwira madeki a dera lakwawo lokha. Zimenezo musalimbane nazo, apatseni malo awo a ofesiwo pang'ono kuti nkhondo ichepe.

Koma musanagwire cholembera, apempheni pangano lenilenilo muliwerenge nokha: zaka zingati, chikatha alipira ndani, m'ndalama yanji. Email yolembetsera ikhale ya laibulale, osati ya munthu. Tsiku lothera mulilembe ndi choko pakhoma la ofesi yanu. Pitani kwa mphunzitsi aliyense akuuzeni mafilimu amene sangaphunzitse popanda iwo, amenewo chimbale chake chisachoke m'manja mwanu zivute zitani. Gulani ka DVD drive kolumikiza ndi USB, n'kotchipa, mukasunge m'kabati yanu yokhoma. Zojambulidwa konkuno, za koleji yanu, za m'midzi, zikopereni pa ma hard drive awiri sabata inoyo, imodzi izikhala nyumba ina. Chimbale chimodzi sichipitirira 4.7GB ngati n'chowotcha wamba, ndiye hard drive ya 1TB imanyamula pafupifupi 200. Za eni ake zogula musakopere chisawawa, funsani kaye a COSOMA kapena anzathu a MALICO, mgwirizano wa malaibulale a m'dziko muno, akuuzeni chimene lamulo la copyright la 2016 limalola laibulale. Ndipo chilichonse chimene mwakana kapena kuchenjeza, lembani memo, wina asayine kuti walandira. Ine ndikanalemba za dizilo uja bwenzi nkhani ili ina.

Akakakamira ndithu kuti makatoni apite, apite pamwamba pa tebulo, m'chipinda chouma, kiyi akhale ndi inu.

Zimbale 22 zija sindinataye. Zili kwanga m'chitini cha mabisiketi, ndinazikulunga m'nsalu. Ngati m'gulu lino muli wina amene amadziwa munthu wotha kutulutsa zinthu m'chimbale chowonongeka, kaya ku Lilongwe kaya ku Blantyre, ndilembereni ku inbox, thiransipoti ndilipira ndekha. Ndikufuna chimodzi chokha chija cha bambo ndi mafumu.