Zogwira ulere ku bungwe, ndifunseni ine

Achemwali, mwafunsa ngati mupite kukagwira ulere ku bungwe. Zoti mukadzipereka ulere adzakulembani ntchitozo musandikumbutse, mpaka pano mtima umandiwawa. March 2023, namondwe wa Freddy atakokolola matope a phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ine ndinali nditangomaliza dipuloma, ndikungodya nsima ya amalume ku Ndirande. Kabungwe kena kanaitana achinyamata, ndinathamanga. Anati transipoti adzabweza, ndipo pulojekiti ikabwera tidzayamba ndife.

Tsiku limene sindidzaliiwala ndi lomwe kunabwera ma donor. Tinafika pa kampu ya anthu okhudzidwa ndi namondweyo 5 koloko m'mawa, kutsitsa matumba a ufa, Likuni Phala, ndowa, mabulangete, mvula ili pamsana. Nsapato yanga imodzi inatsalira m'matope, ndiye ndinkayenda ndi masilipasi amene anandibwereka mayi wina yemwe ana ake awiri anali asanapezeke. Cha m'ma 11 abwana atulukira pa Land Cruiser ndi azungu awiri, nsapato zili phuliphuli. Atigawira ma T-shirt atsopano akuti tivale msanga. Kenako akundiuza ndimupatse mayi yemwe uja thumba la ufa kachiwiri, ati pachithunzi choyamba sanasekerere. Munthu ana ake ali pansi pa matope, asekerere chani? Ndinachita, manyazi ake ndimawamvabe. Alendo atangokwera galimoto, ma T-shirt anatilanda ati ndi a ofesi. N'kutipatsa pepala la alawansi tisaine, malo olemba ndalama alibe kanthu. Tinasaina. Ndinabwerera wapansi mpaka ku Ndirande, m'mimba muli mbatata imodzi.

Miyezi 6 ndinakhala choncho. Pulojekiti itabwera analemba mphwake wa abwana, amene ku kampu sanapondeko n'kamodzi komwe. Kalata yoti ndinagwirako ntchito ndinailondola kanayi, mlonda mpaka anandizolowera. Anthu amenewa pa msonkhano ku Mangochi amalankhula bwino za kutukula achinyamata, Mulungu akuwaona.

Koma pitani ndithu achemwali, kukhala pakhomo kumapweteka kuposa. Ntchito ndili nayo panoyi anandilumikiza ndi namwino amene tinkagawa naye mankhwala othira m'madzi pa kampu yomweyo, ndipo kulemba lipoti ndinaphunzirira komweko. Kungoti fufuzani kaye ngati bungwelo linalembetsedwa ku NGORA, nthambi ya boma yoyang'anira mabungwe omwe si aboma. Za transipoti ndi chakudya akulembereni papepala, pasakhale za "tidzaona". Pepala lopanda ndalama musasaine, ngakhale ndikudziwa mukakana mawa lake sakuitananinso. Ikadutsa miyezi 3 ali zii, chokani. Kapena ingosonkhanani anzanu a kutchalitchi kaya kumzikiti, aliyense kangachepe pa Mpamba kapena Airtel Money, mugule sopo ndi shuga mukapereke nokha, opanda kamera.

Masilipasi aja ndinakabweza patatha sabata, koma mayiyo anali atasamutsidwira kampu ina. Masilipasiwo ali pansi pa bedi langa.