Funsani dokotala: chimfine chinatha koma mphamvu sizikubwerera

Funso: A dokotala, ndine mayi wa ku Chibavi ndipo ndimagulitsa ndiwo zamasamba mumsika waukulu wa Mzuzu. Ndinadwala chimfine champhamvu nthawi yozizira ya mu June, ndipo ngakhale kutentha thupi ndi chifuwa zinatha, papita miyezi itatu ndidakali wofooka. Ndikachapa kapena kusenza katundu, mawa lake ndimalephera kudzuka, komanso ndayamba kusokoneza chenji cha makasitomala. Apongozi anga akuti ndi ulesi. Kodi ndimwe mankhwala anji?

Yankho: Mayi, zimene mwafotokozazi si ulesi. Madokotala akhala akuziona kuyambira kale mwa anthu ena amene achira ku matenda oyamba ndi mavairasi monga fuluwenza, koma zinadziwika kwambiri kutabwera COVID-19, yomwe m'dziko muno inapezeka koyamba mu April 2020. M'chaka cha 2021 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kuti munthu amene anadwala COVID-19 ali ndi vuto la zotsalira za matendawa ngati zizindikiro zidakalipo patatha miyezi itatu chiyambireni kudwala, zakhalapo kwa miyezi iwiri kapena kuposerapo, ndipo palibe nthenda ina imene ikuziyambitsa. Zomwe odwala amadandaula kawirikawiri ndi kutopa, kubanika ndi kuiwalaiwala.

Tisanafulumire kunena kuti ndi zotsalira za chimfine chija, tiyenera kutsimikiza kuti palibe nthenda ina yobisala, chifukwa kuno kwathu zofooketsa munthu zilipo zambiri ndipo zambiri mwa izo zili ndi mankhwala. Tengani buku lanu lakuchipatala mupite ku Mzuzu Health Centre ku Mapale kapena kuchipatala chilichonse chapafupi, akakuyezeni malungo, kuchuluka kwa magazi, shuga, BP ndi HIV. Ngati mumataya magazi ambiri pa nthawi ya msambo, mukanene, popeza kuchepa kwa magazi kumabweretsa kufooka kofanana ndi kumeneku. Ngati chifuwa chabwerera n'kupitirira milungu iwiri, mukuonda kapena mukutuluka thukuta usiku, mukapereke makhololo kuti aone za TB. Pakafunika kuyeza zina, monga chithokomiro kapena mtima, adzakutumizani ku Mzuzu Central Hospital.

Pa za mankhwala, musagule amoxicillin kapena LA mwa inu nokha. Amoxicillin amapha mabakiteriya, osati mavairasi, ndipo LA ndi wa munthu amene wapezeka ndi malungo. Ambiri amabwera kudzapempha diripi kapena jakisoni wa mavitamini poganiza kuti mphamvu zibwerera tsiku lomwelo, koma kwa munthu amene akudya ndi kumwa bwinobwino uku ndi kutaya ndalama chabe.

Chimene chandigwira mtima m'funso lanu ndi chakuti mumagwa mawa lake, osati pa nthawi imene mukugwira ntchitoyo. Umu ndi mmene vutoli limachitira mwa odwala ambiri: thupi limalola kuti ntchito ithe, kenako patapita tsiku limodzi kapena awiri kufooka kumabwera mwamphamvu n'kukhala masiku angapo. Choncho tsiku loopsa kwa inu ndi limene mwadzuka bwino, chifukwa ndi pamene mumafuna kuchapa zonse, kukolopa ndi kukapikula katundu nthawi imodzi. Poti ndinu wamalonda mumvetsa ndikanena kuti mphamvu zanu panopa zili ngati mpamba wochepa, ndipo mukaudya wonse lero, mawa mulibe chopikulira. Gawani ntchito m'zigawo zing'onozing'ono, mupume musanatope, muchape mutakhala pampando, ndipo katundu wolemera akwere kabaza m'malo mwa pamutu panu. Lembani m'kope zimene mwachita tsiku lililonse ndi mmene mwadzukira mawa lake, kuti mudziwe malire anu. Muwonjezere ntchito pang'ono pokhapokha mutatha sabata yathunthu osagwanso, ndipo malangizo akuti mudzilimbitse ndi masewera olimbitsa thupi musawatsatire pakadali pano.

Muzigona ndi kudzuka nthawi yofanana, ndipo khofi musamwe madzulo. Usipa, nyemba, mazira ndi bonongwe zimathandiza magazi, koma tiyi muzimwa patapita nthawi mutadya chifukwa amalepheretsa thupi kutenga ayironi m'chakudya. Ngati nkhawa ikukusowetsani tulo kapena simukusangalalanso ndi chilichonse, muwauze achipatala, pakuti matenda amaganizo nawonso amafooketsa ndipo ali ndi chithandizo.

Anthu ambiri amapeza bwino pang'onopang'ono m'kupita kwa miyezi, ngakhale ena zimawatengera nthawi yaitali. Komabe mukamva kupweteka pachifuwa, mukabanika muli chikhalire, mukakhosomola magazi, mukakomoka kapena mwendo umodzi ukatupa, muthamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Popita kukayezetsa muwapemphe apongozi anuwo akuperekezeni, adzamve okha kuchokera kwa dokotala chifukwa chake mukufunika wokuthandizani kuchapa ndi kusenza.